Vespa yakale ikakana kulira itakhalitsa osayenda

Mwaisiya milungu itatu kapena inayi pakhonde itafundidwa nsalu. Loweruka m'mawa mwaitulutsa, mwaipukuta fumbi, mwaponda kiki. Zii. Mwapondanso kachiwiri, kachisanu, kakhumi, mpaka bondo layamba kudandaula, thukuta lili kamukamu, ana a pafupi aunjikana kudzaonerera. Iyo yangoti phu kamodzi n'kukhalanso duu. Aliyense amene wasungapo Vespa yakale amaudziwa m'mawa woterewu, ndipo umabwera mobwerezabwereza.

Ndikunena za njinga zamoto za Vespa za magiya osinthira pa chogwirira cha kumanzere, zimene injini yake imawotcha petulo pamodzi ndi oyilo: PX imene kampani ya Piaggio ya ku Pontedera, ku Italy, inatulutsa mu 1977, ndi azikulu ake monga Sprint ndi Super. Bajaj Chetak ndi LML Star za ku India ndi za magazi omwewo, choncho zambiri pano zikukhudzanso izo. Lambretta ya ku Milan ndi ya banja lina, injini yake inakhala mwina, koma kafufuzidwe ka vuto n'kofanana.

Chimene chimawonongetsa anthu ndalama n'kuyamba kugula zipangizo asanadziwe chavuta. Ine ndinapusitsidwapo. Njinga yanga itakana kulira, makaniko wina anaimvetsera mwaulemu wake n'kugamula kuti koyilo, imene imapereka moto ku pulagi, yapsa. Ndinaitanitsa koyilo kunja, ndinadikira mwezi ndi theka, tinaiika, njinga osalira. Vuto linali kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga m'kati mwa kabuleta. Kuyambira pamenepo sindimasula chilichonse ndisanaone pulagi, chifukwa pulagi ndiyo inalipo m'katimo pamene zinthu zimalakwika. Ndiyo mboni yoona ndi maso.

Musanafike kumeneko, onani kaye zochititsa manyazi. Kiyi mwayatsa? Kampopi ka petulo kamene kali m'munsi mwa mpando kali pati? Pa PX zoyambirira pamakhala zilembo zitatu za Chitaliyana: C ndiye kuti kotseka, A kotsegula, R ndi petulo wapadera wotsalira pansi pa thanki. Thanki ikhoza kumveka kuti muli mafuta mukaigwedeza, koma ngati atsika kwambiri pa A sipatuluka kanthu, mpaka mutembenuzire pa R. Zina za pambuyo pake zokhala ndi geji zilibe R. Choki, chowonjezera petulo poliza injini, kokani injini ikakhala yozizira basi, ndipo dzanja lisapotokole mafuta poponda kiki. Ambiri amapotokola chifukwa cha mkwiyo, kenaka n'kuimwetsa petulo wopitirira muyeso.

Mukaponda kasanu kapena kasanu n'kamodzi osalira, lekani. Chotsani chivundikiro cha kumanja, masulani pulagi, muiyang'ane kunsonga ndi kuinunkhiza.

Pulagi ikatuluka yonyowa

Apa ndi pamene pamathera milandu yambiri ya njinga yokhalitsa. Pulagi yonyowa, yonunkha petulo, ikutanthauza kuti injini yatsamwa ndi mafuta, ndipo moto sungagwire pa chitsulo chonyowa.

Kuti mumvetse chifukwa chake zimabwerezabwereza, onani mmene njingayi inapangidwira. Thanki ili pansi pa mpando, kabuleta ili m'kabokosi pamwamba pa injini, ndipo palibe pampu. Petulo amangotsetsereka yekha ngati madzi a m'mapiri. Chomuletsa kuti asalowe mu injini nthawi zonse ndi zinthu ziwiri zokha: kampopi kaja, ndi kasingano kakang'ono ka nsonga ya labala kamene kamatseka khomo la mafuta kabuleta ikadzaza. Kasinganoko kamakankhidwa ndi kapulasitiki koyandama. Nsonga yake ikatha, kapena kambewu ka dzimbiri kakakhala pakhomopo, petulo amadontha pang'onopang'ono usana ndi usiku. Kabuleta ya Dell'Orto SI, imene ili pa njinga zimenezi, inayang'ana pansi, choncho chilichonse chosefukira chimagwera m'mimba mwa injini momwe mumazungulira kilankishafuti. Mukasiya kampopi kotsegula milungu itatu, mumapeza chithaphwi m'menemo.

Kuchotsa chithaphwicho sikovuta. Tsekani kampopi, zimitsani kiyi kuti pasatuluke moto, bwezani choki, pulagi ikhale kunja. Potokolani mafuta mpaka pamapeto, mupondeponde kiki kakhumi kapena kupitirira. Pa bowo la pulagi padzatuluka nkhungu ya petulo, nthawi zina madontho enieni. Chitani izi pabwalo, kutali ndi mbaula, ndipo mnzanu wosuta fodya aimirire patali. Pukutani pulagi, kapena ikani ina youma ngati muli nayo, kenaka yatsani kiyi, yesani kuliza kampopi kali kotseka, choki osakoka, mafuta mutatsegula ndithu. Idzayamba n'kutsokomola, utsi udzadzaza bwalo, kenaka idzalira bwino. Apo ndiye mutsegule kampopi. Ikakanabe, ikani giya yachiwiri, gwirani kilatchi, muikankhe potsetsereka n'kusiya kilatchi.

Chenjezo limodzi. Mukaponda kiki n'kumva kuti yalimba gwa ngati mwaponda mwala, musaumirize. Petulo wadzaza mu silinda, ndipo madzimadzi safinyika. Chotsani pulagi kaye.

Koma kuiliza tsiku limenelo sikuchiza matenda. Masulani chivundikiro cha pamwamba pa kabuleta, muone kasingano kaja. Kakakhala ndi mzere wozungulira pa nsonga, kasintheni. N'kotsika mtengo kuposa china chilichonse pa njingayi. Kapulasitiki koyandama kagwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzi m'kati kabooka. Yesaninso kampopi: chotsani paipi ku kabuleta, tsekani pa C, ikani kabotolo, mubwere pakatha ola. Mukapeza madontho, labala wa m'kati mwa kampopi watha. Kuchotsa kampopi pa PX kumafuna kutulutsa thanki ndi sipanala yaitali yapadera yolowera pa bowo lothirira mafuta. Ntchito yake ndi yotopetsa koma mumaichita kamodzi pa zaka zambiri.

Pobwezera kabuleta musamange mabawuti ake awiri aja ngati mukumanga tayala la lole. Thupi lake ndi la chitsulo chofewa, limapindika, ndiye kachitseko ka m'kati kamayamba kugwira, mpweya n'kumalowera pansi. Mangani mosinthanasinthana, pang'onopang'ono.

Ndipo chizolowezi chimene chinandithetsera theka la mavuto anga n'ichi: ndikatsala pang'ono kufika kunyumba ndimatseka kampopi njinga ikuyendabe, kuti imwe mafuta otsala mu kabuleta. Kaya ndikuima mphindi khumi pa golosale, kampopi ndimatseka.

Pulagi ikatuluka youma

Mwaponda kangapo choki chili chokoka koma pulagi ili gwa, yosanunkha kanthu. Ndiye kuti petulo sakufika. Njira yachidule yotsimikizira: thirani timadontho tochepa ta petulo wosakaniza ndi oyilo pa bowo la pulagi, bwezani pulagi, pondani. Ikalira masekondi awiri n'kuzima, moto ulipo, injini ili bwino, vuto lili pa njira ya mafuta. Itsatireni kuchokera kumtunda.

Chotsani paipi ku kabuleta, muiloze mu botolo loonekera m'kati, mutsegule kampopi. Petulo ayenera kutuluka mosadukiza, osati modontha. Yang'anani zimene zagwera mu botolomo. Petulo wokhalitsa amada ngati tiyi ndipo fungo lake limasintha, limamveka ngati vanishi. Pansi pa botolo mukhoza kuona timadontho ta madzi kapena tinyenyeswa tofiira ta dzimbiri.

Apa pali nkhani ya ethanol, imene eni njinga zakale ku Britain anayamba kuidandaula kwambiri petulo wa E10, wosakaniza ndi ethanol mpaka magawo 10 pa 100, atafika pa mapampu mu September 2021. Kwathu ku Malawi si yachilendo: petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga, ndipo ku Zimbabwe nakonso amasakaniza. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siona vuto. Njinga yokhala pansi ndiyo imavutika, chifukwa ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, madziwo amatsikira pansi pa thanki yachitsulo, dzimbiri n'kuyamba. Amaumitsanso kapena kufufumitsa malabala akale amene anapangidwa petulo wotere asanaganiziridwe. M'nyengo ya dzinja zimafulumira. Onjezerani apo petulo wogula m'zigubu masiku a mizere ku mafilingi siteshoni, amene simudziwa kuti chigubucho munali chiyani dzulo lake. Wotereyo ndimamusefa pa nsalu yoyera ndisanathire, ngakhale wogulitsa andiyang'ane moipidwa.

Thanki ikakhala ndi dzimbiri, kutsuka kabuleta kokha n'kutaya nthawi, pakutha sabata idzatsekekanso. Itulutseni, muitsuke, muiumitse bwinobwino padzuwa. Paipi ya mafuta isintheni ndi yopirira ethanol, ndipo mudule utali wofanana ndi yakaleyo. Ikatalika imapindika pansi pa thanki pomwe simungaone, kapena imapanga kaphiri kamene petulo amalephera kukwera thanki ikatsala pang'ono kutha. Njinga imene imayenda bwino thanki ikadzaza koma n'kumazima ikafika theka, kawirikawiri vuto lake ndi limenelo.

Mafuta akamafika bwino, lowani mu kabuleta. Pamwamba pake pali kasefa kozungulira pansi pa kachivundikiro ka bawuti imodzi. Mukachotsa sefa ya mpweya mudzaona majeti awiri amkuwa, timabawuti ta mabowo modutsa petulo. Yaikulu ndi ya magawo atatu olumikizana, yaing'ono ndi ya injini ikamalira payokha, ndipo bowo lake ndi lochepetsetsa moti petulo akauma m'menemo amalimata ngati ulimbo. Njinga imene imalira pokhapokha choki chili chokoka, mukachibweza n'kuzima, pafupifupi nthawi zonse ndi jeti yaing'onoyi. Itsukeni ndi mankhwala otsukira kabuleta, muipemerere ndi pampu, muiyang'anitse kudzuwa kuti muone kuwala pa bowo. Musaitokose ndi singano yosokera kapena waya wa bureki. Mkuwa ndi wofewa, bowo likakula pang'ono chabe njinga idzayamba kudya mafuta ndi kudetsa pulagi, inu osadziwa chinayambitsa.

Pali kavuto kena koseketsa. Njinga yalira, mwayenda makilomita awiri kapena atatu, yazima ngati mafuta atha. Mwadikira pang'ono, yaliranso. Ikazima chotero tsegulani chitsekerero cha thanki mukumvetsera. Mukamva kuti fyuu, kabowo kolowetsa mpweya pa chitsekereroko katsekeka ndi fumbi, ndipo thanki yosapuma situlutsa mafuta.

Moto

Pulagi yanyowa pang'ono chabe, mafuta ndi atsopano, njinga ikukanabe. Yesani moto. Lowetsani pulagi m'chipewa chake, muigunditse pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, yatsani kiyi, pondani kiki muli pamthunzi. Moto wabwino umathetheka wabuluu ngati mphezi ndipo umamveka kuti tya tya. Wofiirira, wofooka, umaoneka panja koma m'kati mwa silinda umazima.

Yambani ndi pulagi ina, chifukwa pulagi imene yanyowa kangapo imafa osaonetsa. Samalani pogula: PX 125 ndi 150 zimafuna ya mazinga aafupi monga NGK B7HS, pamene ya 200 imafuna ya mazinga aatali monga B6ES. Mukaika yaitali pa injini yofuna yaifupi, pisitoni ikhoza kuigunda. Mpata wa kunsonga ukhale pafupifupi mamilimita 0.6. Chipewa cha pulagi nacho chimachita dzimbiri m'kati. Chimasuleni, dulani kansonga ka waya, muchibwezere.

Kuchoka apo njira zimasiyana. Njinga zakale kwambiri zili ndi mapointi, tizitsulo tiwiri totseka ndi kutseguka kuti pulagi ithetheke, kuseri kwa fulaiwilo, gudumu la mapiko lija limene limapemerera injini mphepo. Zikakhalitsa, nkhope za mapointi zimachita utoto wa chinyezi. Pa fulaiwilo pali kazenera. Lowetsani kapepala kolimba koyera pakati pa mapointi, kokani kangapo, muone ngati akutseguka mpata wa mamilimita 0.3 mpaka 0.5. Akamathetheka kwambiri n'kupsa msanga, kondensa, imene imawateteza kuti asapse, yatopa. Njinga zokhala ndi chilembo E, monga P200E ndi PX150E, zilibe mapointi, zili ndi kabokosi ka magetsi kotchedwa CDI, kogwira ntchito ya mapointi, pambali pa injini. Pamenepo pali mawaya awiri obiriwira, ndipo mmodzi amapita ku kiyi, ntchito yake n'kuzimitsa injini. Muzuleni ameneyo, muyesenso. Moto ukabwerera, CDI ilibe mlandu, waya wakhudza chitsulo penapake m'thupi la njinga kapena kiyi yawonongeka. Dziwani kuti injini ikalira waya ameneyo ali wozula, kiyi siizimitsa. Mudzaizimitsa potseka mafuta kapena ndi giya.

Mawaya ochokera kuseri kwa fulaiwilo, pa njinga ya zaka makumi anayi, chikopa chake chimafumbutuka ngati chikwangwa chouma mukangochikhudza. Ambiri amene amati koyilo yapsa, ndi mawaya amenewa. Kuwasintha ndi ntchito ya masana amodzi kwa munthu wodziwa kuwotcherera.

Moto ulipo wamphamvu koma njinga ikungophulika ku ekizozi kapena kiki ikukubwezerani mwendo? Kakiyi kachitsulo kooneka ngati mwezi wa theka, kamene kamagwira fulaiwilo pa malo ake, kathyoka, ndiye moto ukubwera pa nthawi yolakwika. Zimachitika nati ya fulaiwilo ikakhala yosamanga bwino.

Yalira, koma siili bwino

Gawo ili ndi limene eni njinga safuna kumva. Kilankishafuti ili ndi malabala awiri otseka mpweya, wina mbali ya fulaiwilo, wina mbali ya kilatchi. Injini ya mtundu uwu imayamwa mafuta pogwiritsa ntchito mimba yake yomwe, choncho mimbayo iyenera kukhala yosapuma. Njinga ikakhala zaka osayenda malabalawo amauma, ndipo ikakhala ndi chithaphwi cha petulo chija amafewa. Onani mmene kampopi kosatseka kamafikira patali.

Wa mbali ya fulaiwilo akatha, injini imayamwa mpweya wakuba. Mudzamva ikulira mokwera yokha, mukasiya mafuta imachedwa kutsika, ndipo pulagi imayera mbuu. Ipendeketseni kumanja ndi kumanzere ikulira; kulira kukamasintha, kayikirani malabala. Wa mbali ya kilatchi akatha, injini imayamwa oyilo wa m'magiya. Utsi umachuluka, woyera, wa fungo loipa, pulagi imada ndi mafuta, ndipo mukakhuthula oyilo wa m'magiya amanunkha petulo, nthawi zina amatuluka wochuluka kuposa mamililita 250 amene munathira. Kusintha labala ameneyu pa injini zambiri kumafuna kuigawa pakati. Musazengereze, ndipo musayende nayo ulendo wautali mukuti ndikakonza mwezi wamawa. Injini yoyamwa mpweya imatentha, pisitoni imafufuma n'kugwira mu silinda, tayala la kumbuyo n'kuima muli pa liwiro. Mukadzamva injini ikulemera mwadzidzidzi kapena kulira kwake kukusintha, gwirani kilatchi msangamsanga, zina muganize pambuyo.

Mphamvu ya pisitoni mukhoza kuiyesa ndi chala: tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu, kiyi ili yozimitsa, wina aponde kiki. Chala chizikankhidwa mwamphamvu. Kiki ikamatsika mopepuka ngati mukuponda thonje, maring'i atha kapena amatirira.

Ekizozi musaiiwale. Mwaye wa oyilo umaunjikana m'menemo zaka ndi zaka mpaka injini imalephera kupuma. Imalira koma ilibe mphamvu, kukwera kamtunda kochepa ngati yasenza matumba a chimanga. Ndipo njinga yokhala pakhonde imapeza alendi. Dzina lakuti Vespa m'Chitaliyana limatanthauza mavu, ndipo ine ndinapezapo achibale akewo, mavu omanga ndi dothi aja, atamata kapaipi ka ekizozi yanga ndi nyumba yawo. Ndinamasula kabuleta kawiri ndisanaganize zosuzumira kumbuyo. Tsopano ikamakhala ndimatsekapo ndi kansalu, ndipo ndimamangirira kachingwe kofiira pa chogwirira kuti ndisaiwale kukachotsa.

Za oyilo, poti zimakhudza pulagi mwachindunji. PX, Sprint ndi anzawo amafuna magawo awiri pa 100 alionse, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 pa malita asanu. Vespa za m'zaka za m'ma 1950 zambiri zinkafuna magawo asanu. Yezani ndi kabotolo ka mizere, osati ndi maso, ndipo tsekani kampopi pothira kuti oyilo asatsikire yekha mu kabuleta. Kuthira wambiri poganiza kuti mukuikomera mtima kumangodetsa pulagi ndi kutseka ekizozi. Akhale oyilo wa 2T, wa injini zowotcha oyilo pamodzi ndi petulo, osati wa injini ya galimoto. Ngati njinga yanu ili ndi thanki yakeyake ya oyilo, yokhala ndi kagalasi koonera pansi pa mpando, imasakaniza yokha, inu muzingoonetsetsa kuti kagalasiko sikanaume.

Ikakhala kuti ikhala mwezi umodzi kapena iwiri, tsekani kampopi, muisiye ilire mpaka izime yokha kuti kabuleta iume, thanki ikhale yodzaza kuti chinyezi chisowe malo. Ikakhala kuti ikhala theka la chaka kapena kupitirira, mwina mukupita ku Joni kukagwira ntchito, khuthulani petulo yense, thirani kasupuni ka oyilo wa 2T pa bowo la pulagi, pondani kiki pang'onopang'ono kawiri katatu, muiimike pa sitandi yake pamalo ouma. Kuiliza mphindi ziwiri pakhonde Lamlungu lililonse sikuthandiza kwenikweni, injini sifika potentha ndipo pulagi imangoda. Bola kuiyendetsa makilomita khumi kamodzi pa milungu iwiri. Wosungira njinga yanu muuzeni zimenezi, ndipo mumuonetse kampopi ndi chala, chilembo C chili apa.

M'kabokosi ka kutsogolo kwa mawondo ine simusowa pulagi ziwiri zatsopano, sipanala yake, sikuludiraiva, kasingano ka kabuleta kokulunga m'pepala, ndi kabotolo koyezera oyilo.